Pendingi

Mlembi wa pawindo lachitatu sanadzutse n'komwe nkhope.
Anamenya chidindo,
n'kundikankhira pepala pansi pa galasi.
Inki yofiirira, mawu amodzi okha:
pendingi.
Ndinakwera nawo minibasi mpaka ku Rosettenville
ali m'thumba la malaya,
ngati ndalama ya dziko lina
imene sindidziwa kuti ingagule chiyani.

Gelesomu, amene ku Bilira ankaphunzitsa sitandade seveni,
kuno amatsuka magalimoto a eni ake.
Anapukuta thovu m'manja, nayang'ana kumwamba.
Akuti m'buku lake lomasulira mawu
analemba kuti kulendewera:
chinthu achikoleka, sichinagwe,
komanso palibe amene wachitsitsa.
Ndinakumbuka jekete langa pamsomali kuseri kwa chitseko.
Chaka chachitatu lili pomwepo,
poti kabati amagula ndi anthu okhazikika.

MaSithebe, mwini nyumba, akuti n'kudikira basi, mwanawe.
Koma lendi yawo sidikira.
Mwezi ukangotha amagogoda ndi kiyi, osati chala.

Kapitawo wathu ku Booysens ali ndi tanthauzo lakelake:
pepala lako likadali choncho, ndiwe waganyu,
ubwere Lolemba tione.
Lolemba likafika, tione uja wasamukira Lachinayi.
Wapolisi wa pafupi ndi renki anawerenga kawiri,
n'kulitembenuza pepalalo ngati chitumbuwa m'mafuta,
nati mawuwa amatanthauza marandi handiredi.
Ndinapereka.
Tsiku limenelo lokha ndi limene anali ndi mtengo wodziwika.

Kwathu timati zili m'malere.
Ndinaziona ndi maso Loweruka lina magetsi atazima:
chitsulo chachitali chinatsala pachingwe
pamwamba pa nyumba imene tikumanga,
chikupendama pang'onopang'ono ndi mphepo,
pansi pake anthu akudutsa, akudya magwinya,
wina akuseka pafoni.
Ndinachiyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Usiku ndinatumiza fizi ya Ulemu.
Foni nayo, yosaphunzira ulemu, inalemba zomwezo,
kampira kakuzungulira, kakuzungulira,
ndalama itachoka kwa ine, isanafike kwa Edesi,
ili penapake pamwamba pa Tete.

Nyumba yathu ku Mponela inaimira pamawindo.
M'chipinda chochezera mwamera chisoso.
Mwana amene ndinamusiya m'mimba
pano akuwerenga zikwangwani za m'misewu,
ndipo amanditcha adadi a m'foni.
Edesi akafunsa, Khirisimasi ino mubwera?
ndimayankha kuti kaya.

Anzathu a kuno akati ekhaya akunena kwawo,
kumene kuli manda a makolo ndi galu wowadziwa.
Ine ndikati kaya ndikunena kuti sindikudziwa.
Pakati pa mawu awiriwa pali kampweya kokha,
komwe kaja kamatuluka m'kamwa ngati utsi
m'bandakucha wa mu Juni
tikaima pamzere, manja m'khwapa,
wa ku Lubumbashi kutsogolo kwanga, wa ku Gweru kumbuyo,
tonse chinenero chimodzi
cholembedwa ndi inki yofiirira.

Sindinganame, pali masiku amene ndimawakonda mawuwa.
Sananene kuti ayi.
Amene anauzidwa ayi tinawaperekeza kale,
ena pabasi ya ku Park Station ndi chikwama chimodzi,
ena pagalimoto ya mawindo a waya.
Ine ndikadali pano, ndikuphika mazira pa sitovu ya mbale imodzi,
ndikudziwa njira yachidule ya ku Turffontein.

Dzulo Gelesomu anandiimitsa, chinkhupule chili m'manja.
Akuti anaiwala tanthauzo lina, lili m'munsi mwa tsamba,
m'zilembo zing'onozing'ono:
chimene chatsala pang'ono kuchitika.
Ndinafunsa, chabwino kapena choipa?
Akuti bukulo silinanene.

Lachisanu ndibwereranso kuwindo lachitatu.
Malaya ndasita kale.
Pepala lija layamba kung'ambika m'mapindo,
ndalimata ndi selotepi
mosamala, kuti mawuwo azionekabe.